Tsiku Limene Wapampando Anatseka Khadi

Ine ndi Wapampando timachita lendi chipinda chimodzi, tinangochidula pakati ndi shelefu. Mbali ya kuzenera kuli makina anga osokera, nsalu za makatani ndi simbi. Mbali ya kukhomo kuli iye, kauntala yake yagalasi ndi makatoni amene satha kubwera. Shelefuyo ndi yaifupi, moti zochitika kwake ndimaziona, ndipo zimene sindinaone ndimazimva. Musandifunse ngati ndimatchera khutu. Makina anga sasokosa kwambiri, basi.

Dzina loti Wapampando anamupatsa ndi alongo ake. Mayi awo pamene ankamwalira, iye anali atangomaliza sukulu, ndipo pambuyo pake panali ana atatu, onse aamuna. Bambo awo anali dalaivala wa mabasi a maulendo ataliatali, ogona kunjira masiku ambiri. Ndiye mtsikana uja ndi amene anatenga makiyi a nyumba, ndipo mpaka lero sanawabweze. Ankadziwa amene nsapato zamuthera, amene wathawa kusukulu, amene wayamba kununkha fodya. Sopo ankachita kudula ndi mpeni n'kugawa. Alongo akewo anakula, ena ali ndi ana awoawo, koma iye akawaimbira foni amayamba akonza kolala asanayankhe. Wapampando ukwati anaulawako, koma sunachedwe kutha. Akuti mwamunayo pochoka ananena kuti iye ankafuna mkazi, osati komiti.

Si munthu woipa, ndinene msanga. Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala, Wapampando ndi amene anatseka shopu n'kukakangana ndi anamwino mpaka bedi linapezeka. Vuto lake ndi limodzi: akakukonda, amakusunga ngati mmene amasungira katundu, pamalo pamene iye akukuona.

Ntchito yake ndi yogulira anthu zinthu pa intaneti. Wina akufuna wigi, wina kachitsulo ka galimoto kosowa m'masitolo onse, wina batire la laputopu, wina nsapato za pa ukwati. Amabwera, amaloza chithunzi pa foni, iye amaitanitsa, katundu amafika pakapita milungu. Cholipirira chake ndi khadi la madola, lija umayamba waikamo ndalama ku banki, kenako n'kumagulira mpaka zimene unaikamo zithe. Amalikonda chifukwa sililola munthu kudya zimene alibe. Akayamba kulifotokoza kwa makasitomala, ungaganize kuti akutamanda mwana wake amene wakhoza mayeso.

Chaka choyamba anamupusitsapo. Analowetsa manambala a khadi patsamba lina lonyezimira logulitsa mawotchi. Mawotchi sanabwere, ndipo zimene zinali m'khadimo zinatuluka zokha. Analira kuseri kwa makatoni, kenako anapita ku banki n'kubwerako ataphunzira chinthu chimodzi chimene chinamulowa m'magazi. Pa foni pali kabatani kotsekera khadi. Ukakadina, khadi limafa kulikonse kumene lili. Ukakadinanso, limadzuka ngati palibe chachitika. Kuyambira pamenepo kagwiridwe kake ka ntchito kanakhala kotere: kutsegula, kulipira, kutseka. Chala chake chinazolowera moti amatha kutseka khadi uku akukangana ndi kasitomala za mtundu wa wigi.

Bambo ake anapuma pa ntchito kalekale, koma amayendabe ngati basi ikuwadikira. Lachisanu lililonse ankabwera pashopu pathu atavala jekete, nsapato zikuwala, n'kukhala pa mpando wanga wa makasitomala. Ankaitanitsa tiyi wa tonse atatu kwa mayi wa pakona, ndipo ukangoyerekeza kupisa m'chikwama, ankakuyang'ana ngati wawatukwana. Munthu ameneyu chimene ankadana nacho pa moyo wake ndi kulipiriridwa. Chinanso chimene ankanyadira ndi mutu wawo. Manambala a foni a ana awo onse anali pamtima. Ankatha kukufotokozera msewu umene anadutsamo komaliza tsitsi lili lakuda, mlatho ndi mlatho, mpaka pamene pali dzenje.

Panali nthawi ina mayi wina wamasiye wa mumsewu mwawo anayamba kumawabweretsera mapeyala. Achikulire anayamba kumeta ndevu tsiku ndi tsiku. Wapampando anangopita kamodzi kokha kwa mayiyo kukathokoza, ndipo mapeyala sanabwerenso. Ndinamufunsa kuti walakwa chiyani mayi wa anthu. Anandiyankha kuti m'nyumba ija muli mipando ya mayi ake. Sindinapitirize, chifukwa lendi timagawana.

Chitsirizira wa m'banjamo ndi namwino, amagwira ntchito kunja. Anakwatira komweko mtsikana wa kumeneko, ndipo ukwatiwo bambo ake sanauone chifukwa mapepala a ulendo anachedwa. Chinthu chimenechi chinawakhala pamtima. Ankati mwana wawo analowa m'banja la eni ngati mwana wotola, popanda munthu womuimirira. Ndiye mdzukulu atabadwa, mnyamata uja anatumiza tikiti ya ndege, ndipo anati zina zonse akakaziona okha akafika. Achikulire tikiti analandira, koma zinazo anakana.

"Ndalama zanga ndili nazo," anatero atakhala pa mpando wanga. "Sindikupita kukapempha. Ndikupita kukaonana ndi asewere anga, andione kuti mnyamata uja ali ndi bambo."

Wapampando anasangalala, chifukwa apa ndiye panali pa munda pake. Anawauza kuti masiku ano munthu sayenda ndi madola m'sokosi. Anawatengera ku banki, anawatsegulira khadi la madola m'dzina lawo, n'kuikamo ndalama zawo zomwe, zimene anakhala akusunga kuchokera pa penshoni. Kalaliki atafunsa nambala ya foni yolandirira mauthenga a khadilo, achikulire anali akufunafuna magalasi m'matumba, ndipo Wapampando anatchula yake. Anandiuza yekha madzulo ake, akuseka. Anati bambo ake mauthenga sawerenga, angawasokoneze. Ine ndinafunsa ngati anawauza. Anati si nkhani yoti mpaka kuuzana.

Nambala yachinsinsi anasankha okha: nambala ya basi yoyamba imene anayendetsa. Wapampando anawayeseza pa kamakina kake kolipirira ka pakauntala, ndipo anakhoza ulendo woyamba. Atawauza kuti abwereze, anakwiya pang'ono.

"Mwana wanga, nambala imeneyi ndinaidziwa iwe usanabadwe."

Anapita. Patangotha masiku owerengeka, foni ya Wapampando inayamba kulira kalilidwe kachilendo. Bambo ake akangolipira kanthu kumeneko, uthenga unkafika kuno, wotchula sitolo ndi mtengo. Poyamba zinali zosangalatsa. Ankawerenga mokweza.

"Asisi, tamvani. Bambo anga adya ayisikirimu."

"Asiyeni adye, mano ndi awo."

"Lero akwera sitima. Okha kapena? Taonani, ametetsa. Kumeta kumeneko mtengo wake ungagule mutu wina."

Tinkaseka. Koma ine ndinayamba kuona kuti foni ija sinkachokanso m'manja mwake. Ankaiika pafupi ndi lumo, ankapita nayo kumpopi. Dzina la sitolo likakhala lachilendo, ankalifufuza pa intaneti mpaka aone chithunzi cha khomo lake. Munthu anali kutali maola ambiri a pa ndege, koma mwana wake ankadziwa nthawi imene wamwa khofi. Tsiku lina atagula chipewa, anawaimbira.

"Ababa, muzisamala ndalama. Musamangogula zilizonse, zipewa ndi zina zotero."

Ndinamva mawu awo akuseka pa foni. "Wadziwa bwanji kuti ndagula chipewa?"

"Ndimakudziwani, ababa."

"Ndiwe mfiti ngati mayi ako," anatero mokondwa, osadziwa kanthu.

Loweruka lina masana kunali kotentha, makasitomala kulibe. Ine ndinali kupinda makatani a hotela ina. Foni inalira, Wapampando anayang'ana, koma sanawerenge mokweza. Anafufuza dzina la sitoloyo. Patapita kanthawi inaliranso. Kenako inaliranso.

"Kwagwanji, mnzanga?"

Ananditembenuzira foni pamwamba pa shelefu. Sitolo yoyamba inali ya maluwa. Yachiwiri ya mafuta onunkhira. Yachitatu ya masikafu aakazi, ndipo mitengo yake sinali yamasewera.

"Mwina ndi za mpongozi wawo," ndinatero.

"Munaonapo bambo akugulira mkazi wa mwana wake maluwa? Mayi anga anafa osalandirapo ngakhale tsamba."

Anaimba foni ya bambo ake, inali yozimitsa. Anaimba ya mlongo wake wa kunja uja, inangoitana. Anaimbanso. Anayamba kuyendayenda pakati pa makatoni, ndipo malo ake ndi ochepa, moti ankangotembenuka ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Khadi ili labedwa," anatero. "Izi si za bambo anga. Wina walitola."

Ananena zimenezo akuyang'ana khoma, osati ine. Tonse awiri tinkadziwa kuti sakuganiza za wakuba. Ankaganiza za mayi wina wa kumeneko, wa tsitsi loyera mwina, amene waona nkhalamba yaukhondo yovala chipewa chatsopano. Ndinamuuza kuti adikire mpaka wina ayankhe. Koma chala chija chinali chitadina kale. Sindikhulupirira kuti anaganiza n'komwe. Anatseka khadi la bambo ake mmene amatsekera lake akamaliza kulipira mawigi, n'kuika foni pakauntala chafufumimba.

Panapita nthawi ndithu. Ndinamaliza katani imodzi, ndinayamba ina. Kenako foni inalira. Anaitembenuza. Uthengawo unkati khadi lakanidwa, ndipo unatchula lesitilanti.

"Aone," anatero chapansipansi. "Amulipirire yekha mayiyo."

Inaliranso. Lakanidwa kachiwiri, lesitilanti yomweyo, mtengo womwewo. Apa ndinaimitsa makina.

"Mnzanga, mtengo umenewo si wa anthu awiri. Tatsegulani."

Anangoti maso pa foni, milomo atailuma. Kabatani kanali pomwepo, pansi pa chala chake. Inalira kachitatu. Nthawi yomweyo munalowa mtsikana wofuna kudziwa ngati nsapato zake zafika, ndipo Wapampando anamuthandiza bwinobwino, mpaka kumuyezetsa zonse ziwiri. Mtsikanayo atatuluka, anatenga foni n'kutsegula khadi lija. Koma foni sinalirenso tsiku limenelo.

Lolemba m'mawa mlongo wake anaimba. Wapampando anali akumata katoni, ndiye anaika foni pakauntala kuti izimveka. Ndinamva zonse.

"Achemwali, pepani sindinayankhe Loweruka, tinali kokadya. Koma kunachitika zinthu zomvetsa chisoni."

Anafotokoza. Bambo awo anakhala akukonzekera chakudya chimenecho kuyambira tsiku limene anafika. Anasankha okha lesitilanti, anapita okha kukasungitsa tebulo, anaitana asewere awo onse awiri. Anapita kokagula mphatso osauza munthu: maluwa a asewere aakazi, chifukwa anafunsa n'kumva kuti kumeneko ndi zimene amachita, mafuta onunkhira a mpongozi wawo, ndi sikafu ya agogo ake a mpongoziyo, amene amayenda pa njinga ya olumala koma anabwera. Foni anazimitsa kuti isawasokoneze. Anavala suti. Anaimirira n'kuyankhula mawu amene anakhala akuyeseza kubafa, kuthokoza banjalo posunga mwana wawo. Asewere aakazi analira. Ndipo asanakhale n'komwe pansi, anali atauza kale woperekera zakudya kuti bilu isapite kwa wina aliyense.

"Ndiye kamakina kabwera, achemwali. Alowetsa khadi, adina nambala. Kakana. Aseka, ati mwina chala chaterereka. Abwereza. Kakana. Kachitatu anavula magalasi n'kuwapukuta. Kakananso. Ine ndimati ndipise m'thumba, koma apongozi anga anali atapereka kale khadi lawo. Anawasisita bambo paphewa, akuti zimachitika. Mwaulemu ndithu. Koma mukuwadziwa bambo."

Tepi yomatira katoni inali italendewera m'manja mwa Wapampando.

"Anati chiyani?" anafunsa.

"Anathokoza. Dzulo ndinawatenga kogula buledi kuti tiyese khadilo, ndinawauza kuti adine pang'onopang'ono ine ndikuona. Lagwira bwinobwino. Ndiye khadi lilibe vuto, achemwali. Ndikuona ngati tsiku lija anasokoneza nambala. Iwonso akuvomereza. Akuti ngati afika poiwala nambala ya basi yawo, ndiye kuti mutu wayamba kutha. Ine ngati namwino ndikuti tiziwayang'anitsitsa. Zimayamba chonchi."

Apa ndi pamene akanayankhula. Ndinamuyang'ana pamwamba pa shelefu, ndipo iye anadziwa kuti ndikumuyang'ana. Anangoti, "Mm. Chabwino. Uwapatse moni." Anadula foni n'kupitiriza kumata katoni imene inali yomatidwa kale.

Kuyambira tsiku limenelo foni ija inasiya kulira kalilidwe kaja. Achikulire anakhalako milungu ina ingapo, koma sanagulenso ngakhale madzi akumwa. Wapampando ankaitenga foni, kuiyang'ana, kuigwedeza ngati wotchi yoima. Ankatsegula n'kuona kuti khadi ndi lotsegula, ndalama zilimo, palibe akuzikhudza. Munthu amene ankadandaula za chipewa tsopano ankapempherera ayisikirimu. Anayamba kulakwitsa ntchito. Anaitanitsa nsapato ziwiri za phazi limodzi. Chakudya chake chamasana ankachibweza kunyumba chili chotseka. Manyazi ndi chisoni zinamudya ndikuona, ndipo sindibisa, masiku oyamba ndinkati zimudye.

Kenako ndinamumvera chisoni. Ndinamuuza kuti awaimbire awauze.

"Pa foni sizingatheke, asisi. Akabwera."

Anabwera. Anakawachingamira ku bwalo la ndege, anawaphikira, anawachapira zovala za pa ulendo. Mawa lake ndinamufunsa ndi maso. Anapukusa mutu.

"Atopa. Apume kaye."

Sabata inayo anati akudwala chimfine. Inayo anati kunali alendo. Ndinamvetsa chimene ankaopa. Kunena kuti anatseka khadi kunali kosavuta. Chovuta chinali funso lotsatira, loti unatsekeranji. Akanayenera kuwauza kuti ankaona chilichonse chimene ankagula, ndiponso kuti anawaganizira zachibwenzi pa tsiku limene iwo ankaimirira banja lonse. Wapampando amatha kukangana ndi anthu a msonkho mpaka iwo apepese, koma mawu amenewa ankalephera kuwanena.

Lachisanu linabwera n'kupita, achikulire osaoneka. Linanso chimodzimodzi. Mayi wa tiyi anafunsa ngati ali moyo. Wapampando ankabwera ndi nkhani zing'onozing'ono, n'kumazinena ngati zoseketsa, koma osaseka. Akuti bambo ake ayamba kubwerera pageti kukaona ngati akhoma chitseko. Akuti akafuna kuimbira mwana wawo wachiwiri, amamupempha iye kuti aone ngati nambala aidina bwino, ndipo nthawi zonse imakhala yolondola. Akuti anzawo a bawo anabwera kudzawatenga, iwo anakana, ati angakachite manyazi powerenga. Munthu anali bwinobwino, mutu uli m'malo mwake, koma anasiya kuukhulupirira. Ndipo mlongo wake uja ankaimba sabata iliyonse kufunsa ngati pali zizindikiro zina.

Tsiku limene achikulire anabwera pashopu silinali Lachisanu. Analowa mwakachetechete, jekete lili lomwe lija koma likuoneka lalikulu. Anandipatsa moni n'kukhala pa mpando wanga. Tiyi sanaitanitse. Anatulutsa envulopu m'thumba la mkati n'kuigwira ndi manja awiri.

"Mwana wanga, tabwera kuno. Atelala akhale mboni, si mlendo."

Wapampando anazungulira shelefu n'kuima patsogolo pawo ngati mwana wa sukulu.

"Umu muli khadi la penshoni, khadi lija la madola, ndi buku la ku banki. Manambala ndakulembera. Kuyambira lero uziyendetsa ndiwe. Ndikafuna kanthu ndizikuuza, iwe uziona ngati n'koyenera."

"Ababa, ayi."

"Ndaganiza mokwanira. Pa ntchito yathu dalaivala wabwino ankatsika yekha maso akayamba kuvuta, osadikira kuti agwetse anthu. Ine ndinachititsa manyazi mwana wanga pamaso pa apongozi ake. Ndinaitana anthu, anadya, n'kudzilipirira okha. Sindikufuna zina zoposa pamenepo."

Apa Wapampando anagwada pansi, pa zidutswa za nsalu zanga. Sindinamuonepo akugwadira munthu.

"Ababa, simunaiwale nambala. Ndinatseka khadi ndine. Mauthenga ake amabwera pa foni yanga, ndinkaona zonse zimene munkagula. Nditaona maluwa ndi mafuta, ndinaganiza kuti mwapeza mkazi. Ndinakwiya, ndinatseka. Pamene munkayesa katatu kaja, ine ndinkaona, ndili pompano. Ndinatsegula mochedwa. Mutu wanu uli bwino, ababa. Wolakwa ndine."

Zonse zinatuluka ulendo umodzi, misozi ikugwera pa nsapato zawo. Mtima wanga unapepuka. Ndinati basi, akalipa, mwina sayankhulana mwezi, koma munthu abwerera m'malo mwake.

Achikulire anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamwetulira, n'kumuika dzanja pamutu.

"Muli ndi mitima yabwino, ana anga. Mlongo wako naye tsiku lomwelo anayamba wandinamiza kuti kamakina ka lesitilanti kanali kowonongeka. Mpongozi wanga anati mwina ndi netiweki. Tsopano iwe wabwera ndi lako, ndipo lako laposa onse."

"Si bodza, ababa. Taonani." Anatsegula foni n'kuwaonetsa pamene panalembedwa tsiku ndi nthawi imene khadi linatsekedwa.

Sanavale n'komwe magalasi. Anaikankhira pambali pang'onopang'ono. "Zinthu zimenezi iwe umazidziwa, ungalembepo chilichonse. Khadi linali m'manja mwanga, kutsidya kwa dziko. Iwe unali kuno. Usadzipake matope chifukwa cha ine."

Wapampando anatembenukira kwa ine. "Asisi, auzeni. Munalipo."

"Ndi zoona, ababa," ndinatero. "Ndinaona ndi maso anga. Ndinamuuza kuti atsegule."

Anaseka pang'ono, kuseka kotopa. "Mwapangana. Zikomo, atelala, ndinu mnzake weniweni." Kenako nkhope yawo inasintha, anayang'ana mwana wawo. "Tamvera. Iwe ndakuona kuyambira uli kamtsikana, ukulera alongo ako ine ndili pamsewu. Sunandichitepo chipongwe. Ukufuna ndikhulupirire kuti ungakhale pansi n'kumaonerera bambo ako akuvulidwa pagulu, katatu, chala chili pa batani? Ayi. Kuti mutu wanga watha, ndavomera, ndi ukalamba. Koma icho usandiuze. Sindingachinyamule."

Panja wina ankaliza hutala. Wapampando anatsegula pakamwa, anayang'ana nkhope ya bambo ake, n'kutsekanso. Ndinaona kuti wamva zimene ndinamva ine. Akanatha kuwatengera ku banki, kalaliki akanawasonyeza zonse, ndipo akanawabwezera mutu wawo. Koma akanawalanda mwana.

Achikulire anatambasula dzanja, envulopu ili kutsogolo.

"Landira, mwana wanga. Dzanja latopa."

Analandira ndi manja awiri.